Kanyali Kooneka Ngati Sipuling'i: Musakaderere Chifukwa Choti Kunyanja Kumatentha

M'mwezi wa June chaka chatha ndinakankha galimoto pa Chintheche kunja kusanache, ndipo ndikakumbukira msana umandiwawabe. Inali pikiyapu ya dizilo ya amalume anga. Kumbuyo kunali madengu a usipa ndi mabeseni awiri a batala wamuwisi woti akagulitsidwe ku Mzuzu m'mawa womwewo. Mwera unali utawomba usiku wonse, aliyense atadzikulunga m'chitenje kapena m'juzi. Amalume analowa n'kupotokola kiyi ulendo umodzi mpaka kumapeto. Sitata inalira, injini zii. Anayesanso. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa. Pofika ulendo wachisanu batire inali itafooka, sitata ikungobuula ngati mbuzi yodwala.

Mnyamata wina wa Fomu 3 amene ankadikira matola pamsewu pomwepo anabwera kudzatithandiza. Tisanayambe kukankha anasuzumira pa dashibodi n'kufunsa mwaulemu kuti, “Ada, bwanji simukudikira kuti kanyali kachikasu kaja kayambe kazima?” Amalume anaseka. “Mwanawe, zimenezo n'za ku Ulaya kozizira. Kuno n'kunyanja.”

Galimoto inadzalira dzuwa litatuluka kale, titaikankha mpaka pakamtsetse. Batala uja anafika mochedwa, atayamba kufewa, ndipo anapita pamtengo wolira. Patapita masiku makaniko anayeza n'kupeza kuti pa mahita anayi a injiniyo, atatu anafa kalekale. Choncho tsiku limenelo kudikira pakokha sikukanathandiza kwenikweni. Koma munthu wozolowera kuyang'ana kanyali aka akanazindikira miyezi ingapo m'mbuyomo kuti kakuyaka, kakuzima, koma injini ikulirabe movutikira, ndiye kuti penapake palakwika. Amalume sankayang'anako n'komwe.

Ine ndikuti mnyamata uja ankanena zoona, ndipo mawu akuti “kuno n'kunyanja” awonongetsa mabatire, masitata ndi nsomba zambiri kuchokera ku Kande mpaka ku Usisya. Koma musangondikhulupirira. Tiyeni tione mmene injiniyo imagwirira ntchito, kenako muweruze nokha.

Injini ya petulo ili ndi mapulagi othetheka. Mpweya ndi petulo zikasakanikirana m'silinda, pulagi imatulutsa kamoto, zinthu n'kuyaka. Injini ya dizilo ilibe kamoto koteroko. Rudolf Diesel, injiniya wa ku Germany amene injini yake inayamba kugwira ntchito bwino mumzinda wa Augsburg mu 1897, anadalira chinthu chimene inu mumachidziwa kale ngati munapopapo njinga: mpweya ukapanikizidwa umatentha. Tsekani kukamwa kwa pampu ndi chala, mupope mwamphamvu kangapo, kenako mugwire kumunsi kwake. Kwafunda, eti? Mkono wanu wakankha pistoni ya pampuyo, pistoni yamenya mamolekyu a mpweya, mamolekyuwo ayamba kuthamanga kwambiri. Kuthamanga kwa mamolekyu n'kumene timakumva ngati kutentha.

M'injini ya dizilo pistoni imapanikiza mpweya mpaka ukwane m'malo ochepa ka 15 kapena ka 20 kuposa pamene unali. Mpweyawo umadutsa madigiri 500. Panthawi yomweyo injekita imafaza dizilo ngati nkhungu, ndipo dizilo, amene amatha kuyaka yekha pa madigiri 200 ndi pang'ono, amabuka moto popanda womuyatsa. Basi. Nzeru yonse ili pamenepo.

Vuto ndi m'mawa. Chitsulo cha injini chagona panja usiku wonse, chazizira. Sitata imazunguza injini pang'onopang'ono, motero mpweya wopanikizidwa uja umapeza nthawi yotayira kutentha kwake m'zipupa za silinda, ngati tiyi wothiridwa m'kapu yachitsulo yozizira. Ngati injini ndi yokalamba, mpweya wina umathawira m'mbali mwa pistoni. Ndiponso dizilo wozizira sasanduka nthunzi msanga.

Pali kasamu kena kamene ndimakakonda. Kupanikiza sikuwonjezera madigiri angapo pamwamba pa amene analipo ayi, kumachulukitsa, ndipo kuchulukitsako kumachitika mu Kelvin. Tiyerekeze kuti injini ina imachulukitsa kutentha kwa mpweya ka 2.7. Mpweya wolowa pa madigiri 25 ndi 298 K. Kuchulukitsa ndi 2.7 tikupeza 805 K, amene ndi madigiri 532. Mpweya wolowa pa madigiri 5 ndi 278 K, ndipo ukufika 751 K, madigiri 478. Kunja kusiyana kunali madigiri 20 okha, koma m'silinda kwakula mpaka 54. Onjezani chitsulo chozizira chija ndi batire yofooka, mupeza kuti injini imene dzulo masana imalira mukangogwira kiyi, lero ikukana.

Apa ndi pamene pamabwera glow plug, imene amakaniko ambiri amangoti hita. Ndi kachitsulo kowonda ngati pensulo, kamodzi pa silinda iliyonse, nsonga yake ili m'kati momwe dizilo amafazidwira. M'kati mwake muli kawaya kopotana kamene kamatentha magetsi akadutsa, mofanana ndi waya wa m'ketulo kapena wa mu ayironi. Nsongayo imafiira mpaka kufika madigiri 800 kapena 1,000, ndipo mahita amakono opangidwa ndi ceramic amapitirira pamenepo. Dizilo akakhudza malo otenthawo amayaka ngakhale mpweya wonse usanafike pofunika. Si pulagi yothetheka ayi, ndi khala lamoto loikidwa pamalo oyenera. Kanyali kooneka ngati sipuling'i kaja ndi chithunzi cha kawaya kopotanako. Kakayaka mutatsegula kiyi, galimoto ikukuuzani kuti ikutenthetsa kaye. Kakazima, lizani.

Pa galimoto zakale munthu ankadikira masekondi 10, 20, nthawi zina kuposa. Pa zamakono ndi masekondi awiri mpaka asanu, ndipo zimene zimalizidwa ndi batani zimadikira zokha zisanazunguze sitata. Masekondi asanu! Ndi nthawi yomangira lamba basi.

Tsopano ndiwayankhulire amalume, chifukwa si munthu wopusa. Zimene ananena zili ndi choona chake. Kunyanja kuno kumatenthadi. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamene pali nyanja zamchere, ndipo miyezi ya October ndi November usiku munthu umagona osafunda. Injini zambiri zamakono, monga za D-4D zimene zili m'ma Hilux, zimafaza dizilo mwachindunji pamwamba pa pistoni ndi mphamvu yaikulu zedi, ndipo kukafunda zimalira ngakhale hita imodzi itafa. Komanso aliyense wa ife anaonapo injini ya dizilo ya pachigayo imene ilibe hita ngakhale imodzi. Mwini chigayo amakweza kachitsulo kotsegula valavu kuti mpweya usapanikizike, n'kupukusa chogwirira mpaka gudumu lolemera lija litathamanga, kenako n'kutsitsa kachitsuloko mwadzidzidzi. Liwiro la gudumu limapanikiza mpweya mofulumira, usanataye kutentha, injini n'kuyamba kugunda. Munthu amene wakula akuona zimenezi ali ndi chifukwa choganizira kuti hita ndi chokongoletsera cha azungu.

Koma galimoto sikhala pamchenga pa Kande moyo wake wonse. Imakwera. Kuchoka ku Nkhata Bay kudutsa pa Mpamba, msewu wa M5 umakwera mapiri mpaka ku Mzuzu, mzinda umene uli pa mamita opitirira 1,200. Amene anagonako mu June kapena July akudziwa kuti kumeneko m'mawa mano amaguguda. Mukapitirira pa M1 kulowera ku Chikangawa, pamwamba pa Viphya, nyengo yozizira kumagwa chisanu chowauka nacho udzu. Pamwambapo mpweya ndi wopepukanso, ndiye umene umalowa m'silinda ndi wochepa. Galimoto yomweyo imene inazolowera kulira popanda hita kunyanja ikagona kumeneko usiku umodzi, m'mawa ndi nkhani ina. Ndipo kunyanja komweko, monga tinaonera ife, mwera wa mu June ndi wokwanira kugonjetsa injini yotopa.

Komanso si injini zonse za dizilo zimene zimafaza mwachindunji. Minibasi zambiri zakale za Hiace, mapikiyapu akale, ndi ma Land Cruiser a injini ya 1HZ, mtundu umene timauona kawirikawiri ngati ambulansi m'misewu yafumbi, zimafaza dizilo m'kachipinda kakang'ono kam'mbali, moto n'kuchokera mmenemo kupita pa pistoni. Kachipindako kali ndi zipupa zambiri poyerekeza ndi mpweya umene ulimo, motero kamaba kutentha kochuluka. Injini zoterezi zimadalira mahita kwambiri, ngakhale kunja kusanazizire kwenikweni. Taganizirani galimoto yotere ili ku Usisya, kumene msewu wake wotsika phiri aliyense amaudziwa kuvuta kwake, galaja ili kutali, Ilala ibwera tsiku lina, ndipo pali mayi amene matenda am'yamba usiku. Pamenepo kachitsulo konga pensulo kaja si kokongoletsera.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'choti pa galimoto zamakono ntchito ya hita sithera pamene kanyali kazima. Injini italira kale, kompyuta ya m'galimoto imapitiriza kupatsa mahita magetsi kwa kanthawi, pena mpaka mphindi zitatu, kuti dizilo azipsa bwino chitsulo chisanafunde. Izi zimachepetsa utsi woyera, kunjenjemera ndi kugogoda kwa m'mawa kuja. Utsi woyerawo ndi dizilo amene mwagula ndi ndalama zanu, pena mutagona pamzere, akutuluka osagwira ntchito. Wina amatsalira m'silinda n'kutsuka oyilo wa m'zipupa, wina amatsikira pansi n'kusungunula oyilo wa injini. Galimoto zambiri zatsopano zimene zimachokera ku Japan kapena UK zilinso ndi sefa yogwira mwaye m'paipi ya utsi, imene imatchedwa DPF. Sefayi imadziyeretsa potentha mwayewo galimoto ili paulendo, ndipo pa galimoto zina kompyuta imakana kuyambitsa kuyeretsako ikaona kuti mahita ali ndi vuto. Sefa ikatsekeka, mtengo wake mahita anayi saonekera n'komwe.

Nanga kanyali kakayamba kuphethira, kapena kuyaka galimoto ili mkati moyenda? Apa ndi pamene ndimakwiya ndi chizolowezi china chimene ndachiona m'minibasi ndi m'matola: kumata katepi kakuda pa dashibodi kuti kanyali kasamasowetse mtendere. Ena amachita kuchotsa babu. Zili ngati kutseka pakamwa mwana amene akulira chifukwa cha malungo. Pa galimoto zakale kanyali aka kanali ka nzeru zochepa. Kankayaka kwa masekondi oikika n'kuzima, kaya mahita ndi amoyo kaya ndi akufa, n'chifukwa chake a amalume anafa mwakachetechete. Pa zamakono zinthu zinasintha. Kabokosi koyendetsa mahita kamatha kuyeza magetsi opita ku hita iliyonse n'kudziwa imene yaduka. Kuwonjezera apo, makampani ena amagwiritsa ntchito kanyali komweko pochenjeza za mavuto ena a injini. Pa galimoto za dizilo za Volkswagen, mwachitsanzo, kakamaphethira vuto likhoza kukhala la sensa, la mafuta, ngakhale la kaswitchi ka pa buleki kamene kamayatsa nyali zofiira zakumbuyo. Ndiye dalaivala amene wamata tepi akhoza kumayenda usiku pa M5, pakati pa njinga ndi anthu oyenda pansi, osadziwa kuti akaponda buleki wam'mbuyo sakuona chilichonse.

Tanthauzo lenileni limasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto, ndipo limalembedwa m'kabuku kake. Inde, kabuku ka galimoto yochokera ku Japan nthawi zambiri kamakhala m'Chijapanizi, koma pa intaneti mabuku a Chingelezi alipo, ndipo foni imene mukuwerengera nkhaniyi ikhoza kuwapeza. Kunsi kwa chiwongolero kulinso kasoketi ka mabowo 16, kotchedwa OBD, komwe makaniko amalumikiza kamakina kowerenga zimene kompyuta yasunga. Kakalemba P0380 ndiye kuti vuto lili m'njira ya magetsi a mahita. P0671 ikuloza hita ya silinda yoyamba, P0672 yachiwiri, choncho basi. Palibe zamatsenga, ndi manambala oti munthu wa Fomu 2 akhoza kuwerenga.

Njira zachidule zimene timazitama kuti ndi luso ndizo zimadya ndalama. Kuzunguza sitata mobwerezabwereza kumaitenthetsa, chifukwa inapangidwa kuti izigwira ntchito masekondi ochepa, ndipo batire imene imakhetsedwa mpaka pansi m'mawa uliwonse sikhalitsa. Kuimika galimoto pamtsetse kuti mawa ingotsetsereka kumathandiza mpaka tsiku limene mwagona pamalo athyathyathya. Galimoto ya otomatiki ndiye simungaiyambitse pokankha. Choopsa kwambiri ndi kuika kansanza konyowa petulo kukamwa kwa paipi yolowera mpweya, kapena kupoperamo mankhwala oyaka msanga. Mafuta oterowo akakumana ndi hita yofiira amaphulika nthawi isanakwane, pistoni ikadali pokwera. Akhoza kuswa zitsulo za m'kati, kapena moto kubwerera kwa amene wagwira sanzayo, amene kawirikawiri amakhala mnyamata wothandizira, wa msinkhu wanu. Wina akakutumani zimenezo, kanani. Kanani mwaulemu, koma kanani.

Chimene chimandisangalatsa n'choti kuyeza hita ndi Fizikisi ya m'kalasi mwanu. Hita ndi resistor basi. Makaniko amachotsa waya pamutu pake, n'kuika chingwe chimodzi cha multimeter pamutupo, china pa chitsulo cha injini. Hita yamoyo imaonetsa pafupifupi 1 ohm, pena kucheperapo. Yoduka m'kati mita siwerenga kanthu, chifukwa magetsi alibe podutsa. Tengani lamulo la Ohm: mavoti 12 kugawa ndi 1 ohm ndi ma amp 12. Mahita anayi olumikizidwa mwa parallel akukoka ma amp 48. Mphamvu ya imodzi ndi 12 kuchulukitsa ndi 12, mawati 144, onse akuthera pa kansonga kochepa kuposa chala chanu chaching'ono. N'chifukwa chake kamafiira msanga. Kawayako kakamatentha resistance yake imakwera, magetsi n'kuchepa okha, monga mmene buku limanenera za zitsulo.

Chenjezo limodzi pamenepa. Kale amakaniko ankayesa hita poigunditsa pa batire n'kuona ngati ifiire. Mahita ambiri amakono anapangidwira mavoti ochepa, ena 4.4, ena 5, ena 7, ndipo kabokosi kaja ndi kamene kamawagawira magetsi moyenera. Mukaigunditsa yotere pa mavoti 12 mwaipsereza, yatsopanotsopano. Kumasula hita nakonso si ntchito yophunzirira pa galimoto ya bambo anu. Ikakhala zaka zambiri imamatirira ndi mwaye, ndipo woikakamiza ndi sipanala amaithyolera m'kati, zimene zingachititse kuti mutu wonse wa injini utsitsidwe. Inu yezani, werengani, funsani. Zomasula asiyireni odziwa.

Ndikudziwa yankho limene mudzalandire kunyumba: ndalama. Ndi yankho loona. Zipangizo za galimoto zimachokera kunja, mitengo imakwera, ndipo mwini matola amene akuwerengera za dizilo, za matayala ndi za fizi yanu amaona kuti galimoto ikulirabe, ndiye mahita adikire. Sindimunyoza. Chimene ndikutsutsa ndi kawerengedwe kake. Akuyerekeza mtengo wa hita ndi ziro, pamene anayenera kuuyerekeza ndi batire, sitata, dizilo wotuluka ngati utsi, ndi beseni la batala lofika pamsika litafewa. Ndipo ngati ndalama yapezeka, asathamangire zotchipa zosadziwika kochokera. Hita yachinyengo imatha kutupa nsonga n'kukanirira, kapena kuduka n'kugwera pa pistoni. Kugula imodzi yeniyeni kusintha imene yafa kuli bwino kusiyana ndi kugula zinayi zokayikitsa, ngakhale kuti pa injini yoyenda kwambiri imodzi ikafa zinzake zimakhala zili m'njira.

Ena anena kuti galimoto zamagetsi zikubwera, bwanji kutaya nthawi ndi dizilo? Zibwere, tizilandira. Koma malole onyamula tiyi wa ku Kawalazi, mathirakitala a m'minda, zigayo zina, majenereta a m'zipatala, ndi Ilala yomwe, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, zonse ndi dizilo. Mudzamaliza MSCE, ena mudzapita ku koleji ya zaluso, ena mudzayendetsa galimoto zomwezi, dizilo akadalipo.

Ulendo wina mukakwera kutsogolo m'mawa, yang'anani dashibodi dalaivala akamatsegula kiyi. Onani ngati kasipuling'i kayaka. Werengani masekondi mumtima mpaka kazime, ndipo muone ngati iye wadikira. Injini ikalira tcherani khutu: kodi ikugunda mofanana, kapena ikutsimphina kwa kanthawi ngati silinda imodzi ikadali m'tulo? Chewukani muone mtundu wa utsi. Ngati kanyali sikanayake n'komwe, yang'anitsitsani bwino, mwina pali katepi.

Amalume anasintha mahita aja mu July, atagulanso batire. Masiku ano amatsegula kiyi, n'kumanga lamba, n'kuyang'ana pa dashibodi, ngakhale mu October. Ndikawafunsa amati akungopumira kaye. Mnyamata wa Fomu 3 uja sitinamufunse dzina, ndipo atatsika pa Mpamba tsiku lija amalume anamulipiritsa theka.